Nsawawa za Mendel ndi Lichero la Mfiti

Palibe mwana wa ku Chiradzulu amene adakula osamvako nthano ya munthu wosanduka fisi, kapena ya nkhalamba youluka m'lichero kuchokera ku Namitambo n'kukafika ku Joni tambala asanalire. Nthano zotere zimakambidwa madzulo ntchito zonse zitatha. Wokamba akati, "Padangotero," omvera amavomera kuti, "Tili tonse." M'mawu amenewa muli pangano. Wokamba ndi omvera amagwirizana kuti kwa kanthawi ayambe aiwala malamulo a dziko lino, alowe m'dziko lina limene nyama zimayankhula ndipo lichero limasenza munthu. Nthano ikatha, onse amabwerera kwawo n'kukagona.

Koma mwana yemweyo akafika kusekondale n'kuphunzira za chibadwa cha zamoyo, amayamba kufunsa mafunso achilendo. Ngati mwana amatengera msinkhu, mphuno ndi khungu kwa makolo ake, nanga matsenga a anthu a m'nthano amatengera kwa yani? Kodi amayenda m'magazi monga umayendera utali? Poyamba funsoli limaoneka ngati masewera chabe, ndipo ndi masewera ndithu. Komabe ndi masewera oyenera kuwasewera mpaka kumapeto, chifukwa kumapeto kwakeko kuli nkhani yokhudza moyo ndi imfa ya anthu enieni.

Masewerawa sadayambire kuno. M'chaka cha 1997 mlembi wa ku Britain, J. K. Rowling, adatulutsa buku loyamba la nkhani za mnyamata wotchedwa Harry Potter, amene adapita kusukulu yophunzitsa matsenga. M'mabuku amenewa muli ana ena obadwa ndi matsenga ngakhale makolo awo alibe, monga mtsikana Hermione Granger, amene bambo ndi mayi ake adali madokotala a mano. Mulinso ena ochepa obadwira m'banja la amatsenga koma iwo n'kukhala opanda kanthu. M'chaka cha 2005 akatswiri atatu a ku Melbourne, ku Australia, adalembera kalata magazini otchuka a zasayansi otchedwa Nature. M'kalatamo adati matsenga a m'mabukuwa akuoneka kuti amatsata malamulo a Mendel, ndipo aphunzitsi angathe kugwiritsa ntchito nkhanizi pophunzitsa ana za chibadwa. Akatswiri ena a ku Cambridge adayankha motsutsa. Anthu ophunzira kwambiri adakangana mosangalala pa chinthu chimene onse ankadziwa kuti n'chopeka.

Kuti mkangano umenewu umveke, ndi bwino kuyamba ndi Mendel mwini wake. Gregor Mendel adali wansembe wa ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 iye adalima nsawawa zikwizikwi m'dimba la nyumba ya ansembe, akumaziwerenga ndi kulemba zonse zimene ankaona. Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, mbewu zonse zimene zidabadwa zidali zazitali. Ufupi udaoneka ngati watheratu. Koma mbewu zimenezo zitaberekana zokhazokha, mwa zidzukulu 1,064 zokwana 787 zidali zazitali ndipo 277 zidali zazifupi. Ndiye kuti pa mbewu zinayi zilizonse, zitatu zidali zazitali, imodzi yayifupi. Ufupi uja sudafe ayi, udangobisala. Mendel adasindikiza zimene adapezazi mu 1866, koma dziko silidasamale mpaka 1900, chaka chomwecho chimene John Chilembwe adayamba ntchito yake ya mishoni ku Mbombwe.

Lero zimadziwika kuti thupi la munthu lidapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu. Mwa timaulusi timeneti, 23 timachokera kwa mayi ndipo 23 kwa bambo. Pa timaulusiti ndi pamene pali malangizo a chibadwa, amene akatswiri amawatcha majini. Dzinali limaseketsa ana ambiri a kuno, chifukwa m'midzi yambiri majini ndi mizimu imene imagwira munthu n'kumugwetsa pansi. Koma majini a m'kalasi si mizimu. Ndi zigawo za DNA, ndipo amatha kuwerengedwa ndi kuyesedwa. Ena ndi olamulira: limodzi lokha likapezeka, chizindikiro chake chimaonekera. Ena ndi obisala: saonekera pokhapokha mwana atalandira awiri, lina kwa mayi, lina kwa bambo. Mlimi wa ku Mbulumbuzi amazidziwa zimenezi ngakhale sadamvepo za Mendel. Akabzala chimanga cha haibulidi, monga MH18 amene adatulutsidwa ku Chitedze mu 1990, mbewu zimamera zofanana ngati asilikali pamzere. Koma akabwereza mbewu yomweyo chaka chotsatira, m'munda mumatuluka zina zazitali, zina zazifupi, zina zonyozoloka. Zobisala zija zatulukira poyera.

Tsono akatswiri a ku Melbourne aja adati matsenga a m'mabuku a Rowling ndi jini lobisala. Makolo a Hermione adali nalo limodzilimodzi osadziwa, ndipo mwana wawo adalandira onse awiri. Owatsutsa adaona kuti mfundoyi ili ndi mabowo. Limodzi mwa mabowo amene wowerenga aliyense angalione ndi ili: ngati bambo ndi mayi onse ali ndi majini obisala okhaokha, sangabereke mwana wopanda matsenga, chonsecho m'mabukumo ana otere alimo. Umu ndi mmene masewerawa amaphunzitsira. Munthu amapereka ganizo, kenaka amafufuza zimene zikadaoneka ganizolo likadakhala loona, ndipo zikapanda kuoneka amalitaya popanda kukwiya.

Njira yomweyi ingathe kuyesedwa pa nthano za kuno. Munthu wosanduka fisi ali ndi mwayi pa chinthu chimodzi, pakuti fisi wamkulu wamawanga amalemera pafupifupi ngati munthu, kotero palibe mnofu wotsala kapena wosowa. Vuto lili m'maselo. Munthu ali ndi makromozomu 46 pamene fisi ali ndi 40. Kodi asanu ndi limodzi otsalawo amawasiya pamphasa pochoka, kuti adzawatole m'bandakucha? Nanga mano ophwanya mafupa, amene fisi amatenga miyezi yambiri kuti akule nawo, amamera bwanji usiku umodzi n'kuzimiriranso kusanache? Chosangalatsa china n'chakuti afisi amawanga nawonso amakhala ngati pachikamwini. Gulu lawo limalamulidwa ndi afisi aakazi, mwana amatenga ulemu wa mayi wake, ndipo fisi wamphongo akakula amachoka kwawo n'kukakhala kwa eni. Mkamwini wosanduka fisi pothawa ulamuliro wa apongozi angakapeze zomwezo kuphanga.

Mpaka apa nkhaniyi ndi yoseketsa. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa Harry Potter ndi nkhalamba ya m'lichero. Owerenga Harry Potter akatseka buku, palibe amene amanyamula chibonga kupita kunyumba ya mnzake. Kuno nthano ina idathawa pabwalo la nthano n'kulowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Mawu akuti "banja lija ndi la mfiti" amanenedwa masana, popanda "Padangotero" patsogolo pake. Amanenedwa pachitsime, pamaliro, ndiponso pamene mnyamata wauza amalume ake za mtsikana amene akufuna kumukwatira. Ena amati, "Ameneyo adachita kuyamwira." Ena amangoti, "Make mbuu, mwana mbuu." Onsewa, modziwa kapena mosadziwa, akunena mfundo ya chibadwa. Akunena kuti choipa chimayenda m'magazi. Popeza alowa m'munda wa Mendel, n'koyenera kuti mfundo yawoyo iyesedwe ndi muyeso wa Mendel.

Ngati ufiti ukadakhala jini lolamulira, mfiti iliyonse ikadakhala ndi kholo limodzi lomwe ndi mfiti, ndipo pafupifupi theka la ana ake akadakhala mfiti. Motero mwana amene akuloza chala mayi ake akadakhala ngati munthu woponya ndalama m'mwamba: mbali ina yamugwera, mbali ina yamuphonya, ndipo iye sakudziwa kuti yagwa iti. Ngati ukadakhala jini lobisala, zinthu zikadafika poipa kwa bambo amene amati mwana wake waphunzira zoipa chifukwa cha magazi a kuchikazi. Jini lobisala silionekera popanda kulandiridwa kuchokera mbali zonse ziwiri. Bamboyo akadakhala akudziulula yekha.

Pali njira yachitatu imene ikufanana kwambiri ndi mawu aja akuti "kuyamwira". M'selo muli tizigawo totulutsa mphamvu totchedwa mamitokondriya, timene tili ndi DNA yakeyake. Timeneti mwana amalandira kwa mayi yekha. Mwana wamwamuna amalandira, koma sapatsira ana ake. Mwana wamkazi amalandira n'kupatsiranso ana ake onse. Aliyense wodziwa mwambo wa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe angaone kuti umu ndi mmene mtundu umayendera pakati pawo: munthu ndi wa bele la mayi ake, ndipo ana a mwamuna ndi a kwa mkazi wake. Tsono ufiti ukadayenda njira imeneyi, sukadasankha nkhalamba imodzi m'mudzi. Ukadagwira mbumba yonse: abale ake a nkhalambayo, alongo ake, ana ake, zidzukulu zobadwa kwa ana ake aakazi, mwinimbumba amene akutsogolera mlanduwo, ngakhalenso nyakwawa yoweruza ngati ili ya bele lomwelo. Pabwalopo sipakadatsala munthu woyera woti agende mnzake. Akuluakulu adanena kale kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Masamu nawonso ali ndi mawu pa nkhaniyi. Munthu aliyense ali ndi makolo awiri, agogo anayi, ndipo makolo a agogowo ndi asanu ndi atatu. Pobwerera m'mbuyo mibadwo 10, chiwerengerocho chimafika 1,024. Pa mibadwo 20, imene ndi zaka pafupifupi 500, chimafika 1,048,576. Koma kalembera wa mu 2018 adapeza kuti boma lonse la Chiradzulu lidali ndi anthu oposa 350,000 pang'ono, ndipo zaka 500 zapitazo anthu adali ochepa kwambiri kuposa lero. Tanthauzo lake n'lakuti makolo ambiri amawerengedwa kangapo, ndipo mabanja amene lero amaoneka ngati osiyana amakumana penapake m'mbuyomu. Pakadakhala kholo limodzi lokha lokhala ndi magazi a ufiti m'masiku a mafumu a Amaravi, magazi amenewo akadafalikira kale kwa woloza chala ndi wolozedwa yemwe. Palibe mpanda umene ungatchinge magazi kwa zaka 500.

Si ana asukulu okha amene adaona vuto limeneli. Katswiri wina wa ku Britain wofufuza za chikhalidwe cha anthu, E. E. Evans-Pritchard, adakhala pakati pa Azande a kumwera kwa Sudan ndipo adalemba buku lonena za iwo mu 1937. Azande ankakhulupirira kuti ufiti ndi kanthu kokhala m'mimba, kamene mwana wamwamuna amatengera kwa bambo ake ndipo wamkazi kwa mayi ake. Evans-Pritchard adaona kuti mfundoyi ikatsatidwa mpaka kumapeto, munthu mmodzi akapezeka ndi ufiti ndiye kuti amuna onse a fuko lake ali nawo. Azande ankaimva mfundoyi, koma sankaitsata mpaka kumeneko. Ankaima pamene yayamba kuwayandikira eni ake. Katswiri wina, Max Marwick, adafufuza pakati pa Achewa a chigawo cha kum'mawa kwa Zambia ndipo buku lake lidatuluka mu 1965. Iye adapeza kuti ambiri mwa onenedwa ufiti adali abale a bele limodzi ndi owanenawo, ndipo nthawi zambiri panali patayamba kale mkangano pakati pawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chinthu chimene chimayenda m'magazi sichiyang'ana thumba la munthu. Utali umagwera wolemera ndi wosauka, wachinyamata ndi wokalamba, wokondedwa ndi wodedwa. Koma dzina la ufiti lili ndi tsankho lodabwitsa. Kawirikawiri limagwera nkhalamba yosauka, mayi wamasiye, mwana wamasiye wosowa womuyankhulira, kapena munthu amene ali ndi munda umene ena akuusirira. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene anthu adathithikana kwambiri m'Malawi, minda ndi yaing'ono, ndipo imagawidwabe mbadwo uliwonse. Pamalo potere malire a munda amasanduka nkhondo, ndipo gogo amene akulimabe gawo lake amaoneka ngati wachedwa kufa. Jini limene limadikira kuti munthu achite imvi, mwamuna wake amwalire, ndipo adzukulu asowe polima, lisanayambe kuonekera, silipezeka m'buku lililonse la zamoyo. Limeneli ndi dzina lina la njiru.

Wina angatsutse kuti, "Komatu zinthu zimayendadi m'mabanja. Mwana wa woumba mbiya amaumba mbiya, ndipo sing'anga amasiyira mphwake nsupa." Zimenezo n'zoona, koma njira yake ndi maphunziro osati magazi. Alomwe ambiri a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje makolo awo adachokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, akuyankhula Chilomwe. Lero zidzukulu zawo zambiri zimayankhula Chichewa chokha, ngakhale magazi awo ndi omwewo. Chiyankhulo chikadakhala m'magazi, sipakadafunika kuti gulu la Mulhako wa Alhomwe livutike kuchitsitsimutsa. Chimene munthu amaphunzira angathenso kusachiphunzira, kuchikana kapena kuchiiwala.

Wina angatinso, "Nanga bwanji tsoka limakonda nyumba imodzi? Mayi uja waika ana atatu m'manda, onse akudwala mofanana." Funsoli n'lolemera ndipo siliyenera kusekedwa, chifukwa limachokera mumtima wosweka. Koma yankho lake lilipo. Matenda a magazi otchedwa sickle cell amayenda ndi jini lobisala. Bambo ndi mayi athanzi akakhala nalo onse awiri, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa, ndipo mwayi sukumbukira za mimba yapita. Chifuwa chachikulu chimagwira anthu ogona m'nyumba imodzi chifukwa amapuma mpweya umodzi. M'zaka zimene Edzi idapululutsa anthu, maliro ankatsatizana pakhomo limodzi ndipo ena ankaloza nkhalamba. Koma mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo ku Chiradzulu, ndipo mu 2004 boma lidayamba kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Anthu amene adali gone pamphasa adadzuka n'kubwerera kumunda. Nkhalamba zija zidali zikadalipo m'midzi yomweyo. Chimene chidasintha ndi mankhwala.

Pali mfundo ina yoposa zonsezi, imene ikukhudza ngakhale munthu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ufiti ulipo. Chimangirizo chino sichikulamula munthu wotere kuti asiye chikhulupiriro chake lero. Chikungomuika pamphambano ya njira ziwiri. Ngati ufiti ndi chibadwa, ndiye kuti mwini wake sadausankhe, monga momwe munthu sasankhira msinkhu wake. Mlandu umafuna munthu amene adadziwa, adafuna, n'kuchita. Palibe bwalo lachilungamo limene lingalipiritse munthu mbuzi chifukwa chobadwa wamfupi. Koma ngati ufiti ndi ntchito imene munthu amasankha kuchita, ndiye kuti pafunika umboni wa ntchitoyo, ndipo mlanduwo ndi wa iye yekha, osati wa mwana wake kapena mdzukulu wake. Njira zonse ziwiri zimathera pamalo amodzi: palibe munthu woyenera kulangidwa, kusalidwa kapena kukanidwa ukwati chifukwa cha mimba imene adabadwamo. Wonena kuti "banja lija" amafuna kuyenda njira ziwirizi nthawi imodzi. Amatenga chibadwa kuti asavutike kufuna umboni, n'kutenganso mlandu kuti apeze chifukwa cholangira. Nthano ya fisi amene adang'ambika pofuna kutsata fungo la nyama m'njira ziwiri imadziwika ndi mwana aliyense.

Zotsatira za kuganiza kotere zidalembedwa ndi magazi. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphezi imene idapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi ena, ndipo anthu angapo adaphedwa popanda umboni uliwonse. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti ndiponso kumwetsa mwavi lidakhazikitsidwa kalekale mu 1911. Koma lamulo limafika pamudzi nyumba itapsa kale. Chimene chimafika msanga ndi maganizo a anthu amene ali pomwepo.

Cholakwa chimenechi chili ndi mphasa yake. Anthu ena amatenga matsenga opeka n'kuwayesa chibadwa, pamene ena amatenga chibadwa chenicheni n'kuchiyesa matsenga. Chitsanzo chowawa ndi cha anthu achialubino. Chialubino ndi chitsanzo choyera cha lamulo la Mendel. Thupi limapanga utoto wotchedwa melanini umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana akalandira jini lobisala kwa mayi ndi linanso kwa bambo, thupi lake limapanga melanini wochepa kwambiri kapena silipanga konse. Makolo onse awiri angathe kukhala akhungu lakuda, monga momwe nsawawa ziwiri zazitali zidaberekera yayifupi. Choncho bambo wothawa banja ponena kuti mwanayo si wake, kapena kuti tsokalo lachokera kuchikazi, akuthawa theka lake lomwe. Kalembera wa mu 2018 adawerenga anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi. Mafupa awo ndi ofanana ndi a munthu wina aliyense. Mulibe golide, mulibe chizimba. Chimene iwo amasowa ndi chitetezo ku dzuwa, chifukwa khungu lopanda melanini limagwidwa khansa msanga, ndiponso chithandizo cha maso. Chonsecho kuyambira chakumapeto kwa 2014 ambiri a iwo adabedwa, kuphedwa, ndipo manda a ena adafukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimabweretsa chuma. Mu 2021 anthu a kumpoto cha kum'mawa kwa Nkhotakota adasankha Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kupita ku Nyumba ya Malamulo ya Malawi. Adamusankha poyang'ana nzeru ndi ntchito zake, zimene ndizo muyeso woyenera wa munthu aliyense.

Kodi tsono nthano zamatsenga ziletsedwe? Iyayi. Kutero kungakhale kutentha nkhokwe chifukwa cha khoswe. Nthano ndi chuma. Zimanola maganizo, zimasunga chiyankhulo, ndipo nthawi zambiri zimaphunzitsa zosiyana kotheratu ndi zimene anthu ankhanza amazinamizira. M'mabuku a Rowling, anthu oipa ndi amene amanyadira kuti magazi awo ndi osasakanizika, n'kumanyoza ana obadwa kwa makolo wamba, pamene mtsikana wobadwa kwa madokotala a mano uja ndiye amapambana onse m'kalasi. M'nthano za kuno, amene amapulumutsa mudzi kawirikawiri amakhala mwana wamasiye, kamnyamata konyozeka, kapena nkhalamba ya zilonda imene ena adakana kuisambitsa. Makolo adaika nkhalamba imeneyi panjira dala, kuti ayese mtima wa wapaulendo. Woilemekeza amadalitsidwa, woinyoza amakumana ndi zoopsa. Choncho wogenda gogo wake sakutsata mwambo wa makolo. Wamvetsa nthanoyo chadodolido.

Chofunika ndi kusunga pangano lija la "Padangotero". M'kati mwa nthano munthu ali ndi ufulu wonse. Angathe kuwerengera kuti lichero likufunika mitanda ingati ya nsima kuti liwoloke Zambezi, kapena kujambula mzere wa banja la amatsenga n'kuona ngati likutsata lamulo la atatu kwa mmodzi. Masewera otere amazoloweretsa ubongo kufunsa kuti, "Zikadakhala zoona, bwenzi tikuona chiyani?" Funso limeneli ndilo khasu la sayansi, ndipo ndilonso khasu la woweruza wolungama. Koma kunja kwa nthano, pamene dzina la munthu wamoyo latchulidwa, ufulu wopeka umatha ndipo umboni umayamba.

Udindo waukulu uli pa achinyamata amene aphunzira zinthu zimenezi. Pamudzi pakagwa zovuta, anthu amene amatumidwa kukagwetsa nyumba ya nkhalamba nthawi zambiri sakhala akuluakulu, koma anyamata amphamvu zawo. Mnyamata kapena mtsikana amene adakhoza funso la nsawawa za Mendel pamayeso, koma n'kukhala chete pamene agogo a mnzake akukokedwa, maphunziro ake adatsalira papepala. Sikofunika kuti anyoze akuluakulu kapena kuseka ofedwa. Angathe kufunsa mwaulemu kuti wodwalayo adapita naye kuchipatala kapena ayi, ndipo adokotala adapeza chiyani. Angathe kukumbutsa amalume ake kuti magazi a wonenedwayo ndi omwenso ali m'mitsempha ya onena, pakuti chibale ndi fupa, sichiwola. Angathe kuthamangira kwa amfumu kapena kupolisi zinthu zisanafike poipa. Aliyense amene akuyenda mowongoka lero adzagwira ndodo tsiku lina, maso ake adzafiira ndi utsi wa m'khitchini, ndipo adzayamba kuyankhula yekha poiwala. Pa tsiku limenelo adzafuna kuti m'mudzimo mukhale mdzukulu wodziwa kusiyanitsa nthano ndi mlandu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.